Kagalimoto Kanga Kankakhuta Lamulungu Lokha

Ng'ombe ziwiri zomwe ndinagulitsa zinali zanga. Ndiyambe ndi zimenezi, chifukwa mpaka lero kuno ku Magodi alipo ena amene amaifotokoza nkhaniyi ngati ndinathyola khola la amuna anga. Ndinazigula ndekha zili zazing'ono, ndi ndalama za mtedza wanga. Amuna anga ndiwo ankazilimitsa, ndiwo ankadziwa iti ndi yaulesi, iti ndi yamakani, koma mwini wake ndinali ine. Chaka chomwe mtedza unachita bwino ndinazigulitsa, ndinaphatikiza ndi za mtedzazo, mwana wanga wamkazi wa ku Lusaka anawonjezerapo pang'ono, ndipo ndinagula kagalimoto kamagetsi ka matayala atatu, kokhala ndi bokosi la katundu kumbuyo, pamodzi ndi masola oti kazitchajira pakhomo.

Si kuti ndinkafuna kutchuka. Ndinali nditatopa ndi mavenda obwera m'mudzi ndi masikelo awo odwala, otchula mtengo akuyang'ana kumbali chifukwa akudziwa kuti ulibe kwina kopita. Ndili ndi dimba kudambo, ndipo tomato ndi repu sizidikira kuti ngolo ipezeke. Ndinkafuna kumadzuka m'mawa, kupakira, kukagulitsa ndekha ku boma la Lundazi, n'kubwerako dzuwa lisanalowe, wopanda wondilipiritsa mpando kapena mafuta.

Amuna anga sanakalipe. Iwo si munthu wokalipa, wokalipa m'nyumba mwathu ndine. Anangoyenda mozungulira kagalimotoko kawiri, manja kumbuyo, kenako anandifunsa kuti nanga tilima ndi chiyani mvula ikagwa. Ndinawayankha kuti ng'ombe tidzabwereka za ganyu, kagalimotoka kadzalipira. Anati chabwino, koma tipangane. Ngati pofika tsiku lotenga feteleza kakhala kasanapite ku boma n'kubwerako ndi katundu, pa moto wa pakhomo pano, tikagulitsa n'kugula ng'ombe zina. Ine ndi pakamwa pangapa ndinavomera asanamalize n'komwe. Ndinawonjezanso kuti kakalephera ndidzakakankha ndekha mpaka kwa wogula.

Wogula analipo kale. Mlamu wanga wa ku Kasungu, mwamuna wa mng'ono wanga, amene amadutsa malire ndi zitenje ndi shuga, anakaona pa chithunzi n'kukakonda. Iye ali ndi njinga yamoto yamagetsi. Mwana wanga ku Lusaka nayenso ali ndi kagalimoto kamagetsi kakale, kamene anagula kwa mnzake wa kuntchito. Ndiye pagulu lathu la pa foni panabuka mpikisano woti ndani amatchaja motchipa. Wa ku Lusaka anati iye amagula mayunitsi, kumayambiriro kwa mwezi amakhala bwino, koma akamaonjeza mwezi uli pakati mtengo umaluma, ndiye pena magetsi omwewo amazima galimoto isanakhute. Mlamu anati kwawo zimamuwawa kawiri, chifukwa mita ndi ya mwininyumba, ndipo mwininyumbayo ataona chingwe chikutuluka pawindo anakweza lendi tsiku lomwelo. Ine ndinadikira onse amalize kudandaula. Kenako ndinajambula mawu, ndinawauza kuti pepani abale anga a m'tauni, kuno dzuwa silikhala ndi mita, ndipo palibe mwininyumba angalikweze mtengo.

Mawu amenewo mlamu anawasunga. Pambuyo pake ankanditumizira sabata iliyonse, osalembapo chilichonse.

Masola sanaikidwe padenga. Malata athu ndi akale, ndipo munthu amene anadzaika masolawo, bambo wa ku boma, anati sangapirire kulemera. Anawotcherera zitsulo pabwalo, zofika m'chiuno, anayala masolawo pamwamba mopendekera pang'ono, ndipo ife tinazungulizapo mpanda wa minga kuti mbuzi zisafikepo. Sabata yoyamba zonse zinayenda bwino. Pa kagalimotoko pali kagalasi koonetsa timizere tisanu, ndipo kakakhuta timizere tonse timayaka. Ndinaphunzira kuyendetsa pabwalo la mpira, ndinagunda chulu kamodzi, ndinapita kuchigayo, ndinakasiya mayi wina wodwala ku kiliniki. Ndinkadutsa pamsika wa m'mudzi msana uli chilili, anthu osandimva kubwera chifukwa kalibe phokoso.

Ulendo woyamba wa ku boma unalephereka chifukwa cha maliro. Ndinali nditathyola kale repu wambiri, ndipo anafota. Vuto linayambira pamenepo, ngakhale kuti ine sindinadziwe.

Kudimba kwanga kumapita kanjira ka wapansi, choncho kagalimoto kankatsala pakhomo, chingwe chili cholumikiza. Ndinkachoka kukucha, kubwerako dzuwa litapendeka. Pakhomo pankatsala amuna anga, amene nthawi ya chilimwe amakonda kukhala pansi pa mtengo wa mango n'kumasema mipini, ndi akulu anga. Akulu angawa ndi mkazi wamasiye, anadzakhala nafe amuna awo atamwalira. Miyendo imawavuta, kudimba safikako, koma kukhala manja lende sadziwa. Ukawasiya okha umapeza asesa ndi malo oti anasesa kale.

Ndinayamba kupeza timizere tiwiri madzulo. Tsiku lina kamodzi. Dzuwa la Seputembala likuwotcha mpaka nkhuku kuyasamula, koma kagalimoto kanga kali ndi njala. Ndinkayang'ana masola, ali mbee, opanda ngakhale fumbi. Ndinkagwedeza chingwe, kuchizula, kuchilumikizanso. Ndinaganiza kuti mwina timizereto tikunama, ndiye Lachinayi lina ndinapakira tomato ndi repu n'kunyamuka ndi kamzere kamodzi.

Kanazima ndisanafike n'komwe pakati pa ulendo, pokwera kamtunda kena. Sikanatsokomole kapena kulira monga zimachitira galimoto zina, kanangosiya kuyenda. Ndinakhala pamenepo mpaka masana, tomato akupsa, ine ndikupsa mtima. Amene anandikokera kunyumba ndi bambo wina wa m'mudzi wapafupi amene ankachokera kuchigayo ndi ngolo. Anamangirira kagalimoto kanga kumbuyo kwa ngoloyo. Tangoganizani, munthu woti ndinagulitsa ng'ombe, kulowa m'mudzi ndikukokedwa ndi ng'ombe za eni, manja ali pachiwongolero ngati ndikuyendetsa. Pamsika palibe amene anaseka mokweza, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiwawa koposa. Amayi ena anangoti, "Mwatandala uli, adilaiva?" Ndinayankha moni wawo mano ali okukuta.

Ulendo wachiwiri ndinachenjera. Ndinakasiya masiku anayi osakagwira, kanafika timizere titatu, ndipo ndinakafika ku boma. Koma kubwerera kunalibe. Ndinakakankhira pa shopu ina yowotcherera zitseko, mwini wake anavomera kuti nditchaje, koma mtengo womwe anatchula unadya pafupifupi zonse za tomato wa tsikulo. Nditadandaula anandiuza kuti mayunitsi ake ndi a bizinesi, si a m'nyumba, ndipo ngati ndikufuna aulere ndikafunse dzuwa. Ndinalipira. Nkhaniyo inafika ku Kasungu ine ndisanafike kunyumba, ndipo mlamu analemba pagulu paja kuti tsopano tadziwa, kotchaja modula kuposa konse si Lusaka kapena Kasungu, ndi ku Magodi kwa dzuwa laulere. Mwana wanga anayesa kunditeteza, koma ndinamva m'mawu ake kuti nayenso akuganiza kuti anandigulitsa chinthu chakufa.

Ndinaimbira bambo woika masola uja, ndinamuuza mawu oti sindingawalembe pano. Anabwera Lamulungu titaweruka kutchalitchi, chifukwa ndilo tsiku lomwe ndimapezeka pakhomo. Anayeza ndi kachipangizo kake, masola ali bwino, batire ili bwino, moto ukulowa ngati madzi a pampope. Anandiyang'ana ngati munthu wofuna kubweza katundu mwachinyengo. Anandifunsa ngati sindikutchajitsa mafoni a mudzi wonse. Ndinamulipira thiransipoti yake, anapita.

Masiku onsewa ndiwo zinkabwerera kunyumba. Repu wofota, mpiru, tomato wosweka. Ndinkangotula pakhonde n'kulowa m'nyumba, osafuna kuziyang'ananso. Kumene zinkapita sindinafunse. Ndinkaona kuti mfutso ukuchuluka m'zikwatu kukhitchini, n'kumati akulu akudzipezera chochita.

Okutobala atalowa, mitambo inayamba kusonkhana masana n'kubalalikanso. Anthu anayamba kukonza magoli. Amuna anga sanandikumbutse pangano lathu ngakhale kamodzi, koma tsiku lina ndinawapeza akukonza mpanda wa khola lopanda kanthu lija. Ndinamvanso kuti anapita ku Kapichila pa njinga kukaona ng'ombe ziwiri za munthu wina. Tsiku lotenga feteleza linalengezedwa, Lachisanu la sabata yotsatira. Kunena zoona ndinachita mantha. Sizinali za kagalimoto kokha. Ndinkadziwa kuti kakapita, palibe chomwe ndidzanenenso m'nyumba muno kapena kumsonkhano wa amayi chimene anthu adzachimve osakumbukira tsiku la ngolo lija.

Amene anandithandiza ndi mayi wina wa kwaya, ngakhale kuti cholinga chake chinali kundiseka. Lolemba m'mawa anandipeza ndikuyang'ana kagalasi kaja, timizere tili tinayi. Ndinamuuza modandaula kuti Lolemba lililonse kamakhala bwino chonchi, koma pofika Lachitatu kamakhala kabwerera m'mbuyo ngakhale ndingopita kuchigayo. Anaseka n'kunena kuti ndiye kuti ndinagula kagalimoto kachikhristu, kamadya pa tebulo la Ambuye pokha, masiku ena onse kamasala. Ndinaseka nawo kuti asaone kuti zandikhudza. Koma ndili kudimba, ndikuthirira, mawuwo sanandichoke m'mutu. Dzuwa la Lamulungu ndi lomwelo la Lachiwiri. Nanga pakhomo panga pamachitika chiyani masiku asanu ndi limodzi chimene sichichitika Lamulungu? Ndinasiya kheni yothirira pamzere, dzuwa lili paliwombo, ndinauyamba wa kunyumba.

Ndinaona ndili patali kuti masola sakunyezimira. Nditafika pampanda wa minga paja ndinaima. Masola onse anali atafundidwa zitenje, ndipo pa zitenjepo panali patayanikidwa repu wofutsa, mpiru, tomato wodula mapisi, ndi mphale kumapeto kwake. Panalibe ngakhale malo oti n'kuikapo chikhatho. Akulu anga anali pambali ndi kamtengo, akutembenuza ndiwo mosamala, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Ndinakalipa. Ndisabise, ndinakalipa mpaka agalu a kwa aneba anauwa. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti chinthu chimenechi chinadya ng'ombe ziwiri, ngati akudziwa manyazi omwe ndakhala ndikusenza, ndinanenanso zina zokhudza anthu odya pakhomo pa eni, zomwe ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Iwo anangoima, kamtengo kali m'manja. Nditatha mpweya anayankha motsitsa.

"Mphangwe zako zenze kuwola, mwana wa amama. Apa mbuzi sizifika, nkhuku sizifika, zuma na zuba imodzi. Nenze kupukuta bwino ukalibe kubwela, kuti usapeze doti."

Ndiye kuti tsiku lililonse ndikangotuluka ankayanika, ndipo ndisanabwere ankaanula n'kupukuta masolawo ndi nsalu yonyowa. Lamulungu sankayanika chifukwa ndi tsiku la Mulungu. Ndipo ndiwo zomwe ankayanikazo zinali zanga zomwe, zotsala chifukwa kagalimoto sikanafike nazo kumsika. Kagalimoto kakalephera ndiwo zinkachuluka, ndiwo zikachuluka masola ankafundidwa kwambiri, ndipo kagalimoto kankalepherabe. Ine ndinali kalikiliki kunyoza woika masola, wogulitsa, dziko lomwe kanapangidwa, pamene akulu anga ankangopulumutsa thukuta langa pa thandala labwino koposa lomwe analionapo. Palibe amene anawauzapo kuti magalasi amenewo amadya kuwala. Iwo ankaganiza kuti amangofuna kutentha, ndipo pansi pa chitenje pamatenthabe.

Ndinakhala pansi pomwepo, ndinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inasanduka ina. Ndinawapepesa. Anati palibe kanthu, koma sanadye bwino masiku awiri, ndipo ndinadziwa kuti mawu a kudya pakhomo pa eni aja analowa. Madzulo omwewo ndinazula malata awiri pa kachimbudzi kakale, ndinadula mitengo, ndinawamangira thandala lawolawo kuseri kwa khitchini, ndi minga yake. Ndinapempha amuna anga kuti andigwirire mtengo umodzi. Anagwira.

Lachiwiri sindinapite kudimba. Ndinakoka mpando n'kukhala pafupi ndi kagalasi kaja ngati munthu wolondera wodwala. Lisanapendeke dzuwa timizere tonse tisanu tinali titayaka. Ndinajambula chithunzi, koma sindinatumize pagulu. Pakamwa panali patandiphunzitsa mokwanira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine kudekha ndinakuphunzira ndili ndi zidzukulu.

Lachisanu ndinanyamuka kutangocha, kumbuyo kuli mabokosi a tomato ndi mitolo ya repu. Ndinapempha akulu kuti tipitire limodzi. Anakana kaye, kenako anakavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kukhala pambali panga, atagwira chitsulo ndi manja onse awiri. Anali asanaone boma chimwalirire amuna awo. Pa kamtunda kaja mtima wanga unali m'mwamba, koma kagalimoto kanakwera ngati sikakukumbuka chilichonse. Tinafika ku boma timizere titatu tikuyaka. Tomato anatha asanakwane masana, pa mtengo womwe ndinatchula ine. Ndinadutsa dala pa shopu yowotcherera ija pang'onopang'ono, ndinamupatsa moni mwini wake, osaima. Tinakaima pamzere wa feteleza, tinapakira matumba athu, ndinagulira akulu mabanzi ndi nsapato za pulasitiki, n'kutembenuka.

Pobwerera kanali kolemedwa, ndipo kamzere kachitatu kanazima msanga. Kachiwiri kanazima titawoloka kamlatho. Akulu anayamba kupemphera m'Chitumbuka, ine maso ali pamsewu, ndikupewa mchenga, ndikusiya kuti katsike kokha pamene pali potsetsereka. Titafika pamsika wa m'mudzi kamzere kamodzi kanali kakuyakabe. Sindinakonze zoimba huta, koma chala chinapita chokha. Amayi a moni aja anaimirira. Mmodzi analuluta, ena anatsatira, ndipo ine ndinadutsa pakati pawo ndi matumba anga, osakokedwa ndi chilichonse. Chimwemwe cha tsiku limenelo sindinachimvepo ngakhale pa ukwati wanga.

Pakhomo ndinapeza ng'ombe ziwiri zitamangidwa pa mtengo wa mango. Zinali zabwino, zofiira, imodzi ya chipumi choyera. Mwini wake, bambo wa ku Kapichila, anali atakhala pa mpando wa alendo. Amuna anga anali atamuuza kuti abwere nazo Lachisanu, ati mlamu wa ku Kasungu atumiza ndalama zogulira kagalimoto. Ndinaimika pakati pa bwalo. Ndinatsika, ndinathandiza akulu kutsika, ndinapereka moni kwa mlendo mwaulemu wonse. Kenako ndinaitana amuna anga kuti adzaone okha kagalasi. Anabwera, anawerama, anaona kamzere kaja. Anayang'ana matumba. Mlendo anafunsa kuti manje tichite bwanji.

Amuna anga anapita pa ng'ombe ya chipumi choyera, anaika dzanja pamsana pake, ndipo analankhula akuyang'ana ng'ombeyo, osati ine.

"Amai, nenze kuona. Uja woika masola ananiuza pa siku yoyamba, imwe muli kukhichini, ati ngakhale tsamba imodzi isagonepo. Nenze kuona alamu ayanika siku na siku, nakhala chabe zii."

Munthu woti anandiona ndikulowa m'mudzi pambuyo pa ngolo, anandiona ndikusowa tulo, anamva ndikunyoza akulu anga pa mlandu woti akanautha ndi mawu awiri, anali pansi pa mango nthawi yonseyo akusema mipini. Mawu anali atafika kale pakamwa, ambiri, akuthwa. Ndinangowafunsa kuti chifukwa chiyani.

"Khola ilibe kanthu," anatero. "Nikauka kuseni nilibe kopita."

Zaka zonsezi ndinkati ng'ombe zinali zanga, ndipo zinalidi zanga. Koma amene ankadzuka kukazitsegulira, kuzichotsa nkhupakupa, kuyankhula nazo pobwera kudambo, sindinali ine. Ndinagulitsa osawafunsa kuti m'mawa wawo udzakhala wotani. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinawakwiyirabe. Zonse ziwiri zinakwana mumtima umodzi.

Ndinawauza pamaso pa mlendo kuti kagalimoto sikapita kulikonse, pangano ndi pangano. Chaka chino tilima ndi ng'ombe za ganyu. Kakagwira ntchito mpaka kukolola, khola lidzalowa ng'ombe, ndipo zimenezo zidzakhala zawo, osati zanga. Koma akulu anga awapepese lero lomwe, chifukwa anawasiya kuti anyozedwe pa chinthu chomwe iwo ankachidziwa.

Anapita pakhonde pomwe akulu anakhala, anavula chipewa, anagwada bondo limodzi, bambo wa imvi. Zomwe ananena sindinazimve. Atadzuka anamasula okha chingwe pa mango paja n'kupatsa mwini ng'ombe. Anawaperekeza mpaka kumsewu, ndipo ng'ombe zitapita anaima komweko nthawi yaitali. Sindinawaitane. Dzuwa linali likadalipo, choncho ndinakoka chingwe n'kulumikiza kagalimoto kanga, chifukwa mabanja atatu anali atandipempha kale kuti mawa ndikawatengere feteleza wawo.